Chishango chili pa malaya, nanga wojambula ali kuti?

Mwezi wa Ogasiti ukamayandikira, ntchito imachuluka m'timashopu ta pa boma la Mzimba momwe masiku ena onse mumangomveka kulira kwa makina a fotokope. Ndi nyengo ya Umthetho, mwambo wa Angoni a kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa womwe umachitikira patsinde pa phiri la Hora. Aliyense wopita kumeneko amafuna chovala chonena za kwawo. Amene alibe zikopa ndi nthenga amagula tisheti, chipewa kapena nsalu, ndipo pa zonsezi pamakhala chithunzi: chishango, mkondo ndi chibonga zitapingasana, ng'ombe ya nyanga zotambalala, bambo atakweza mwendo pa ingoma, kapena phiri la Hora lenilenilo litaima lokha pakati pa minda.

Katunduyu amayenda malonda. Wina amathera pa Hora pomwepo, wina amakwera basi ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wina amalowa m'zikwama za anyamata obwerera ku Joni, komwe ana a ku Mzimba adadzazana, ndipo mphatso yochokera kumudzi amaisunga mosamala. Wogulitsa malaya amapezapo yake, wodinda amapezapo yake, ngakhale wa kabaza wonyamula mabelo amapezapo yake. Amene sadziwika ndi mmodzi yekha, uja adagwira pensulo.

Ojambula ku Mzimba alipo, ntchito yawo simuchita kuifunafuna. Imani pa Jenda, pomwe msewu wa M1 umasiyana ndi wolowera ku Embangweni ndi ku Edingeni, muyang'ane makoma. Pakhomo la wometa pali mitu ya anthu yometedwa mosiyanasiyana. Pa lesitilanti pali nkhuku ndi mbale ya nsima. Pa sitolo ya zaulimi pali thumba la feteleza lomwe mlimi amalizindikira akadali patali. M'sukulu za pulaimale muli mapu a dziko lino ndi ziwalo za thupi la munthu zojambulidwa pakhoma. Ambiri mwa eni manja amenewa sadalowepo m'kalasi ya zaluso. Adayamba ndi khala pakhoma la khitchini, kenako bolopeni kumapeto kwa kope la masamu, kenako penti ndi burashi yothothoka mbali imodzi. Achinyamata a lero ena amajambulira pa foni, ena pa laputopu yomwe mkulu wawo adatumiza kuchokera ku Johannesburg.

Malonda ake amayenda chonchi. Komiti ya ukwati, ya mpingo, ya sukulu kapena ya gulu la ingoma imapita kwa wodinda malaya. Wodindayo amaitanitsa mnyamata wodziwa kujambula n'kumuuza kuti, "Achimwene, tandipangirani kachishango kooneka bwino, pofika mawa kakhale katatha." Mnyamata amachezera usiku wonse. Amayamba ndi pensulo, amafufuta, amakonza mawanga a chikopa mpaka aoneke ngati a ng'ombe yomwe adawetapo ali mwana, kenako amadetsa mizere ndi inki yakuda chifukwa mzere wowonda sutuluka bwino pansalu. Kukacha amatola pepalalo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp. Ndalama imalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalama yomwe onse awiri amangoti "ya sopo", basi agwirana chanza.

Chithunzi chija chimatsala mu kompyuta ya wodinda. Chaka chamawa chituluka pa zipewa, chaka chinacho pa makapu ndi pa kalendala. Wina achipempha pa fulashi, wina achitola pa Facebook, mpaka tsiku lina mwiniwake adzakumana nacho pamsana pa munthu wosamudziwa pa depoti ya mabasi ku Mzuzu. Anzake adzamuuza kuti watchuka, iye ali wapansi, ya minibasi yobwerera kumudzi akuchita kuwerengera.

Nthawi zambiri pamenepa sipakhala wakuba wadala. Wodinda amakhulupirira ndi mtima wonse kuti adagula chithunzicho, wojambula nayenso amakhulupirira kuti adachigulitsa. Onse awiri sadamvepo kuti pali njira ina.

Kumaiko komwe malonda a mphatso adakhazikika, wojambula sagulitsa chithunzi chake, amachibwereketsa. Amapereka chilolezo, chomwe amalonda amati laisensi, choti kampani iike chithunzicho pa katundu wakutiwakuti, kwa nthawi yakutiyakuti, m'dera lakutilakuti. Kampani ya makapu imapatsidwa makapu okha. Ikabwera ya zikwama za amayi, ya makadi a Khirisimasi kapena ya zotchingira foni, imakambirana payokha n'kulipira payokha, chithunzi chili chimodzimodzicho. Mlimi wa ku Mzimba sangavutike kumva zimenezi. Mwini ng'ombe ndi ngolo akapita kukatuta chimanga cha mnzake amalipidwa pa ulendo uliwonse, ndipo madzulo ng'ombe zimabwerera m'khola mwake. Palibe amene amati poti ndalipira ulendo umodzi, ngoloyi tsopano ndi yanga.

Nzeruyi si ya dzulo. Mayi wa ku England, Beatrix Potter, adatulutsa buku la ana la kalulu wotchedwa Peter Rabbit mu 1902, zithunzi zake atajambula yekha. Chaka chotsatira, mu 1903, adasoka chidole cha kaluluyo n'kukachilembetsa ku boma kuti wina asachipange popanda chilolezo chake. Kuchokera pamenepo kalulu uja adalowa pa mbale, pa makapu ndi pa zovala za ana, ndipo mpaka lero, zaka zoposa 120 zitadutsa, akugulitsabe katundu. Ife tili naye Kalulu wathu wa m'nthano, wochenjera kuposa wa ku England uja, koma mwana wa ku Emfeni kapena ku Khosolo amapita ku sukulu atabereka chikwama cha pa kaunjika chokhala ndi zidole za m'mafilimu a ku America. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa m'mudzi momwemo muli mnyamata amene angamujambule Kalulu bwinobwino.

Malipiro a chilolezo amakhala a mitundu iwiri. Pali ndalama yoperekeratu kamodzi pa katundu wowerengeka, ndipo pali gawo lomwe wojambula amalandira pa chinthu chilichonse chogulitsidwa. Gawoli silikhala lalikulu, kawirikawiri limasewera pakati pa 3 ndi 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya mtengo wopikulitsira. Mphamvu yake ili pa kuchuluka kwa katundu ndi kutalika kwa nthawi. Tingoyerekeza: wojambula walandira K20,000 kamodzi, watsanzika. Mnzake wagwirizana zolandira K400 pa tisheti iliyonse ya K8,000. Matisheti 50 akagulidwa, awiriwa afanana. Akagulidwa 500, wachiwiriyo ali ndi K200,000, ndipo zipewa ndi makapu sanayambe n'kukambirana komwe.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zojambula, kungoti ambiri salidziwa. Malawi idakhazikitsa lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso mu 1989, bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe tonse timangoti COSOMA, lidayamba ntchito mu 1992, ndipo mu 2016 aphungu adavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakale lija. Zojambula zili m'gulu la ntchito zotetezedwa, limodzi ndi nyimbo ndi mabuku. Umwini umayamba pomwe chithunzi chatha kujambulidwa, osachita kudikira chidindo cha ku ofesi, ndipo umakhalapo moyo wonse wa wojambula ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti ndi chuma chosiyira ana. Dziko lino lidalowanso m'pangano la maiko la Berne mu 1991, momwe mulinso South Africa ndi Zambia, choncho chithunzi chojambulidwa ku Embangweni chili ndi mwini ngakhale chitawoloka malire kupita ku Lundazi kapena kukafika ku Durban. Mfundo yofunika kuimvetsa ndi yakuti kugula pepala lomwe pali chithunzi sikugula ufulu wochichulukitsa. Mungathe kulipachika pabalaza panu, koma kulidinda pa malaya 300 ndi nkhani ina yofuna chilolezo.

Vuto n'lakuti anthu akamva za COSOMA amaganiza za oimba okha, za nyimbo za pa wailesi ndi za ma DJ a m'maukwati. Wolemba zikwangwani pa Jenda saganizako kuti bungwelo ndi lakenso, kapena kuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli anzake omwe adasonkhana m'bungwe la Visual Arts Association of Malawi. Boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Uthenga wongothera m'mahotela a m'mizinda sufika kwa Mabilabo kapena kwa Mzikubola.

Tisamuweruze msanga wodinda malaya, nayenso ali ndi mitolo yake. Matisheti osalemba, inki ndi mapepala odindira zimachokera kunja, ndipo kuyambira pomwe ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake sidakhalenso pansi. Magetsi akazima tsiku loti katundu atuluke, ndiye kusaka jenereta ndi mafuta. Akadinda matisheti 200 n'kugulitsa 80, otsalawo amamuolera yekha, wojambula sataya kalikonse. Komanso kunena zoona, m'malonda athu momwe lisiti salemba, ndani angawerenge kuti makapu agulidwa angati? Wojambula amene angaumirire gawo pa chinthu chilichonse adzathera nthawi yake pa mikangano, ndipo wodinda adzangopita pa intaneti n'kutolako chithunzi chaulere.

N'chifukwa chake ine ndikuona kuti njira yotheka kuno ndi yolipira pa mulu. Agwirizane kuti ndalama iyi ndi ya matisheti 100 a mwambo wa chaka chino basi. Akafunika ena 100, ndalama ina. Zipewa, ndalama ina. Wodinda amadziwiratu zomwe alowetse, ndipo wojambula safunika kuyang'anira m'kaundula wa mnzake, amangoona ngati katundu wabwereranso pamsika. Zonsezi zimakwana pa theka la pepala la m'kope: mayina a awiriwo, chithunzi chake ndi chiti, chiikidwa pa chiyani, zingati, mpaka liti, ndalama zingati, ndiponso ngati wojambula ali ndi ufulu wopatsanso wodinda wina kapena ayi. Wofuna kuti chithunzi chikhale chake yekha alipire zambiri, chifukwa watsekera mnzake makomo ena. Asayine onse pamaso pa mboni, aliyense atole pepalalo ndi foni. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wonena zomwezi momveka uli bwino kusiyana ndi kungogwirana chanza.

Pali tizinthu tinanso tomwe ojambula ozindikira amachita. Potumiza chithunzi choti kasitomala aone kaye, amatumiza chosaoneka bwino kwenikweni, dzina lawo litalembedwa mopingasa pakati, ndipo chenicheni chimapita ndalama ikalowa. Pepala loyambirira, la pensulo ndi zofufutafufuta zija, amalisunga, chifukwa ndiwo umboni pa tsiku la mlandu. Ndipo amaumirira kuti dzina lawo, ngakhale lilembedwe ting'onoting'ono, lituluke pansi pa chithunzi pa katundu aliyense. Odinda ena amalifufuta poti likuipitsa malaya. Dzinalo ndilo limabweretsa kasitomala wachiwiri, ndipo lamulo limazindikira ufulu wa mwini luso wotchulidwa pa ntchito yake.

Tsono pali funso lina lolemera, lomwe ku Mzimba silingalambalalidwe. Chishango n'cha yani? Mnyamata uja sadachiyambitse. Chidawoloka Zambezi ndi mfumu ya Angoni Zwangendaba mu 1835, ndipo mikanda, zikopa ndi mavalidwe a ingoma ndi za mtundu wonse. Lamulo lathu lidaganizirapo zimenezi: limati umwini wa zachikhalidwe zosiyidwa ndi makolo uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kuchita nazo malonda kunja kwa mwambo wake ayenera kupempha chilolezo. Choncho palibe wojambula amene anganene kuti chishango n'changa, wina asachijambule. Chake ndi kajambulidwe kake: momwe wachipendeketsera, mawanga omwe wasankha, nkhope ya wovina, kaimidwe ka mwendo. Wina ali ndi ufulu wokhala pansi n'kujambula chishango chakechake. Chomwe alibe ndi ufulu wokopera cha mnzake.

Abale athu a kumwera adayenda kale njira imeneyi. Esther Mahlangu, mayi wa Chindebele wa ku Mpumalanga yemwe adabadwa mu 1935, adaphunzira kukongoletsa makoma a nyumba kwa amayi ake ndi agogo ake, akujambula ndi nthenga za nkhuku. Luso lake ndi la mtundu wake wonse, koma dzanja ndi lake. Mu 1991 kampani ya BMW idamuitana kuti ajambule galimoto yake, ndipo mu 2020 zojambula zake zidalowa m'kati mwa galimoto ya Rolls-Royce. Makampaniwa sadatole zithunzi za makoma a m'mudzi mwake mwakachetechete, adapita kwa iye, adagwirizana naye, dzina lake lidatchulidwa. Mbali inayo ya nkhani ndi ya Laduma Ngxokolo, mwini zovala za MaXhosa, yemwe amaluka majuzi motsatira mikanda ya Axhosa. Mu 2018 sitolo zikuluzikulu za Zara zidayamba kugulitsa masokosi ofanana kwambiri ndi ake. Anthu adadandaula mokweza, iye adatengera nkhaniyo kwa maloya, ndipo masokosiwo adachotsedwa m'sitolo. Adamvedwa chifukwa ntchito yake idali yodziwika ndi dzina lake kuyambira pachiyambi.

Amayi a m'midzi ya ku Mzimba nawonso amaluka mikanda ndipo ena amakongoletsa makoma a nyumba zawo ndi dothi la mitundumitundu mvula ikatha. Mnyamata wa laputopu akatola khoma la mayi wotere n'kuliika pa chikwama, nayenso ali ndi ngongole kwa mayiyo. Chomwe akufuna kuti wodinda amuchitire, ayambe iye kuchitira mayiyo.

Kusalipira ojambula athu kuli ndi mtengo wina womwe umaoneka ndi maso. Yang'anitsitsani ena mwa malaya olembedwa za Ungoni omwe amagulitsidwa m'misika. Wankhondo ali pamenepo ndi wa ku KwaZulu-Natal, wotoledwa pa intaneti, mapiri ali kumbuyo kwake si a kuno. Pena mupeza wovina ingoma atamuikira ng'oma pambali, chonsecho ingoma ya ku Mzimba ilibe ng'oma, mphamvu yake ili pa kugunda kwa mapazi pansi, pa mawu a amuna ndi pa manja ndi nthungululu za amayi. Wojambula wokulira ku Edingeni sangalakwitse zimenezo. Amadziwa momwe fumbi limadzukira phazi likatera, amadziwa kuti ovina ambiri ndi madoda a imvi, ena ovala zikopa pamwamba pa kabudula. Tikamasankha chithunzi chaulere, ana athu akukula akudziona m'nkhope za anthu ena.

Ndipo zojambula za ku Mzimba siziyenera kuthera pa chishango. Kuli tchalitchi cha njerwa cha ku Loudon, pa mishoni ya Embangweni yomwe Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902. Kuli mitengo ya paini ya m'mapiri a Viphya ndi damu la Luwawa komwe kumafika alendo ochokera kunja. Kuli milu ya tomato ndi anyezi ya amayi a pa Jenda, yomwe aliyense woyenda pa M1 amaidziwa. Kuli Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka yemwe bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2008, ngakhale ameneyu ngofunika kumugwira mwaulemu, poti kwa eni ake ndi mankhwala, si chionetsero. Kuti zithunzi za moyo wa Amalawi zimagulitsa katundu, umboni ulipo kale. Ku Dedza Pottery akhala akuumba makapu ndi mbale zokhala ndi zithunzi za kuno kuyambira m'ma 1980, ndipo ku Mua, malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 aphunzitsa amisiri ambiri osema ndi ojambula. Mlendo wofika ku Luwawa ndi mwana wa ku Mzimba wokhala ku Cape Town akufuna chinthu chimodzimodzi: kanthu kopepuka, kolowa m'chikwama, kosonyeza malo enieni.

Oyamba kusintha zinthu angakhale amene amagula zambiri nthawi imodzi. Bungwe la Mzimba Heritage Association, lomwe limakonza Umthetho, lingathe chaka chilichonse kuitana ojambula a m'bomali kuti apikisane pa chithunzi cha mwambo wa chaka chimenecho, wopambana n'kupatsidwa mgwirizano wolembedwa, odinda onse ofuna kuchigwiritsa ntchito n'kumalipira kandalama kodziwika kogawana pakati pa wojambula ndi thumba la mwambo. Mipingo, sukulu, magulu a ana a ku Mzimba okhala ku Joni ndi makomiti a maukwati, polemba bajeti ya nsalu ndi malaya, awonjezere mzere umodzi wa wojambula, monga momwe amalembera wa zokuzira mawu ndi wophika.

Ndipo a COSOMA, limodzi ndi a khonsolo ya M'mbelwa, tikukupemphani: konzani pepala limodzi la mgwirizano wa wojambula ndi wodinda, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, losavuta kuwerenga. Bwerani nalo pa boma la Mzimba, pa Jenda ndi pa Embangweni tsiku la msika, muitane olemba zikwangwani ndi odinda malaya akhale pa benchi limodzi, muwafotokozere, ndipo musiye makope m'mashopu a fotokope kuti aliyense wolifuna azilipeza pafupi.